Botolo la Atsibweni Lomwe Ndinabereka Mpaka ku Mzuzu

Ine mowa sindimwa. Ndiyambire pamenepo kuti tisadzakangane kutsogoloku. Kwathu kumunsi kwa phiri la Michesi aliyense amandidziwa kuti ndine Mayi Enelesi wotsogolera nyimbo pa misonkhano ya amayi kumpingo, ndipo ndikamadutsa pomwe amamwera kachasu, amuna akuluakulu amabisa mabotolo kumsana ngati ana asukulu. Koma chaka chatha, mwezi wa Juni, ndinanyamula botolo la mowa kuchoka ku Phalombe mpaka ku Mzuzu. Sindinaliike m'chikwama ayi. Ndinachita kulibereka.

Mwini botololo anali atsibweni anga a Dayitoni, mlongo wawo wa malemu mayi anga. Bambo atatisiya ndili wamng'ono, amene anandilera ndi iwowa, ndipo pa ukwati wanga nkhoswe anali iwo omwe. Ntchito yawo inali yothirira anthu zakumwa, poyamba ku kalabu ya kumaesiteti a tiyi ku Mulanje, kenako m'mahotela a ku Lilongwe. Mzungu wina wa ku Sikotilandi, amene ankakonza makina m'fakitale ya tiyi, pobwerera kwawo anawasiyira botolo la wisiki.

Atsibweni sankatopa kufotokoza za botolo limeneli. Ankati wisiki wambiri amachita kusakaniza wa m'migolo yosiyanasiyana kuti azikoma chimodzimodzi chaka ndi chaka. Koma uyu anachokera mu mgolo umodzi wokha wa thabwa, momwe anagonamo zaka zambiri osakumana ndi mnzake. "Ene," ankandiitana choncho, "amayi awiri akhoza kufulula ndi chimera chimodzi, koma mbiya iliyonse imabala mowa wakewake. Mgolo wa uyu unatha. Ngakhale upite kwawoko sukampezanso." Kenako ankayamba kutchula zomwe mzungu uja anawauza kuti zili m'katimo: vanila, tofi, sheri, piti. Ine ndinkangoti "eya, eya" uku ndikusenda chinangwa, chifukwa pa zonsezo chomwe ndinachionapo ndi tofi yekha.

Atatsala pang'ono kupuma pa ntchito anamanga nyumba ya njerwa zootcha moyandikana ndi yanga, kuti adzakalambire pakati pa mbumba yawo. Botolo anakaliimika m'kabati ya m'nyumbamo, makiyi n'kundisiyira. Ankati adzalitsegula tsiku lodzalowa m'nyumba yawo. Koma chakudza sichiimba ng'oma. Matenda a pakhosi anawagwira asanalongedze n'komwe katundu ku Lilongwe, ndipo mwana wawo Felisita, amene amaphunzitsa ku Mzuzu, anawatenga kuti aziwaperekeza kuchipatala. Nyumba ija ine n'kumangoisesa.

Tsiku lina m'mawa ndikupuntha mpendadzuwa pabwalo, foni inalira. Anali Felisita.

"Asuweni, kuchipatala atibweza. Akuti palibenso chomwe angachite, tikangowasamalira kunyumba. Ndiye bambo akufuna botolo lawo lija."

Ndinamva foni ikusuntha, kenako mawu a atsibweni, onong'ona ngati masamba ouma. "Ene, ubwere nalo wekha. Lisagone, likagona mowa umadya chitsekerero. Lisaone dzuwa. Ndipo asalitsegule munthu wina aliyense."

Felisita atatuluka panja anandiuza motsitsa mawu kuti ndisadzivute, ndikangolipereka kwa kondakitala wa basi iye akalilandira kudepoti. Ndinamufunsa ngati analipo kondakitala amene anafikitsapo mowa uli wodzaza. Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Atsibweni sanandipempheko kanthu moyo wawo wonse, ndipo ndinatsimikiza mumtima kuti botolo limeneli likawapeza akupuma, lili chiimire.

Vuto linali kanyamulidwe. M'dengu linkapendekeka. M'chikwama sindikanayerekeza, poti zikwama zathu m'minibasi amaziponda, amazikhalira, nthawi zina amaikapo mbuzi. Botololo linali m'chikatoni chake chozungulira, ndiye ndinachikulunga m'bulangete laling'ono, n'kuberekera kumsana ndi chitenje, mfundo pachifuwa. Nditadziyang'ana pagalasi la pawindo ndinaona agogo atabereka khanda.

Wa kabaza amene ananditenga mawa lake kukacha, a Jemusi, anandiyang'ana kumsana kawiri.

"Amayi, mdzukulu ameneyu ngwa ndani? Ife sitinamvetu."

"Yendetsani njinga, a Jemusi. Muzipewa maenje."

A Jemusi amenewa nthawi zonse amayendetsa ngati akuthawa ngongole, koma tsiku limenelo anatsetsereka mpaka pa boma ngati anyamula mazira. Ndinaona kuti njira imeneyi ili ndi phindu lake.

Pa Phalombe minibasi ya ku Zomba inkaoneka yodzaza, koma nditangolipira, anyamata anayi amene anakhala m'katimo anatsika mmodzimmodzi kukakopa ena. Tinadikira mpaka dzuwa linakwera. Ine ndinali nditatembenuzira mtolo wanga kutsogolo monga timachitira ndi khanda pokhala pansi. Mayi wina wachifundo, wonyamula nkhuku ziwiri, anandipatsa mpando wa pawindo kuti mwana apitidwe mphepo. Dzuwa litayamba kulowera pawindo pomwepo ndinapempha kuti tisinthanenso.

"Koma mwamufunditsa kwambiri, abanikatu," anatero mayiwo. "Ali ndi miyezi ingati?"

"Ndi wamkulu kuposa mmene akuonekeramu," ndinayankha.

Ndikufuna izi zimveke: ulendo wonse umenewu sindinanene bodza ngakhale limodzi. Anthu ankangodzinamiza okha.

Pa Jali anakweza matumba a matemba a ku Chilwa, limodzi n'kuliika pamapazi anga. Kondakitala anafuna kuti tikhale asanu pampando wa anthu atatu, ndipo wachisanuyo anali bambo wamimba yake. Ndinauza kondakitala kuti akandifinyira amene ndanyamulayu, mlandu wake sautha. Minibasi yonse inandiikira kumbuyo, bambo uja n'kukakhala pa matemba.

Ku Zomba ndinapeza basi yaikulu ya ku Lilongwe. Tinayenda bwino mpaka pa Liwonde pamene dalaivala analowa pamzere wa mafuta. Mzere wake unali wautali moti ogulitsa chimanga chootcha anachita kusamutsira mbaula zawo pomwepo. Ndinkayang'ana foni kawirikawiri, kuopa kuti ilira, kuopanso kuti yazima. Kukhala chete kwa Felisita ndinkakutenga ngati uthenga wabwino.

Tili pamzerepo munakwera mlaliki. Mwa mitu yonse ya m'Baibulo, iye anasankha wa kuledzera. Analalikira bwino, sindingamunyoze, mavesi ake anali omwe ine ndimagwiritsa ntchito. Ine ndinkangoyang'ana pansi, thukuta lili kamukamu. Atamaliza anayenda m'kanjira ka pakati kulandira chopereka, ndipo atafika pa ine anaima, n'kusanjika dzanja pa bulangete.

"Ambuye, kamwana aka kakule kodana ndi mowa! Botolo lisadzakayandikire!"

Basi yonse inati amen. Inenso ndinati amen, nanga ndikanatani. Ndinaponyamo kangachepe n'kutseka maso mpaka anatsika.

Ku Lilongwe tinafika kutada. Ndinalowa m'basi ya ku Mzuzu yonyamuka m'mawa n'kugona momwemo chokhala, manja atazinga mtolo wanga. Msana unandiwawa, koma botolo silinagone.

Kutacha, pambali panga panakhala bambo wina wa imvi zapatalipatali, wachipewa chaubweya, amene anati dzina lawo ndi a Bonifasi ndipo amakagula matabwa ku Chikangawa. Anali munthu wocheza, wa maso akuthwa. Anandigawira mbatata yophika, anandifotokozera mitengo ya matabwa yomwe sindinafunse, ndipo titadutsa Kasungu anatsokomola pang'ono.

"Mayi, ine ndili ndi ana asanu ndi awiri. Mwana wanuyu chichokereni ku Lilongwe sanalire, sanayamwe, sanakodze. Komanso ndikamvetsera basi ikagunda bampu, akumveka kuti khuvu."

"Mbatata yanu njokoma, bambo," ndinatero.

Chinsinsi chinaululika pa Jenda. Pa rodibuloko anatitsitsa tonse kuti asecha katundu, ndipo wapolisi wamkazi, mtsikana wamsinkhu wa mwana wanga woyamba, anandipempha mwaulemu kuti aone nkhope ya mwana. Ndinamasula mfundo. Ndinafunyulula bulangete. Nditasolola botolo m'chikatoni, chiphwete chinaphulika mpaka dalaivala anagwira tayala. Mayi wina amene m'mawa anandipatsa madzi akumwa chifukwa cha "kakhanda" anawomba m'manja n'kunena kuti dziko latha.

Wapolisi uja sanaseke. Anati anthu ena amathira kachasu m'mabotolo okongola, ndiye kunali bwino atsegule anunkhize. Ndinamuuza zonse, za atsibweni, za mgolo umodzi, za nyumba yomwe sanalowemo. Ndinamuuza kuti ngati pakufunika kumanga munthu andimange ine, tipitire limodzi ku Mzuzu, koma chitsekererocho achotsa ndi mwini wake. Anatenga botolo, anayang'anitsitsa kachitsulo kopyapyala komata kukamwa kwake, anaona kuti sikanang'ambidwepo. Pondibwezera anagwira ndi manja awiri, lili chiimire.

"Pitani amayi, mukawapeze," anatero.

Nditakweranso m'basi sindinalinso agogo a khanda. Ndinali mayi wa botolo. Ndinaliberekabe, chifukwa manyazi sakanaliteteza ku mabampu.

Titapitirira mphambano ya ku Mzimba n'kuyamba kukwera ku Chikangawa, nyengo inasintha. Nkhungu inatsika, mphepo n'kuyamba kulowa m'ming'alu ya mawindo. Ife a ku Phalombe timati timadziwa kuzizira chifukwa cha chiperoni, koma kuja n'kwina. Pa chitunda china basi inalira ngati ng'ombe, inanjenjemera, n'kuzima. Anyamata anathamanga kukaika miyala kumatayala. Dalaivala analowa pansi, anatuluka ali bii, n'kulengeza kuti chitsulo chomwe chathyoka chichokera ku Mzuzu. Nthawi inali itangopitirira masana.

Tinadikira. Amuna anakoleza moto wa nthambi za paini m'mbali mwa msewu, utsi wake wochuluka kuposa kutentha. Makaniko ankati wanyamuka, kenako ankati akusaka mafuta, kenako foni yake inasiya kupezeka. Dzuwa litapendeka, kuzizira kunafika m'mafupa, ndipo ndinaona maso a anthu akutembenukira pachifuwa panga mmodzimmodzi.

Anayamba ndi a Bonifasi, moseka. "Mayi, mwana uja sangatithandizeko? Kakapu kamodzi basi, tizungulire tonse. Odwalawo sangamalize botolo lonse."

"Si langa," ndinatero.

"Paulendo sitimanana," anatero mnyamata wina wajekete lachikopa. "Taonani agogo awa akunjenjemera. Akafa ndi mphepo muli ndi mankhwala m'manja, mudzayankha chiyani? Si inu a mpingo?"

Analozadi nkhalamba ina yovala malaya okha, mano akugundana. Mawu amenewo anandilasa, chifukwa kwathu womana chakumwa paulendo amatchuka mpaka kumaliro ake. Ena anayamba kung'ung'udza. Mayi uja wa madzi anati ndi bwino litsegulidwe, mwina tchimo lingachepe likagawidwa. Ndinaimirira. Ndinamasula bulangete lomwe linakulunga botolo n'kuwafunditsa agogo aja, ndinavula juzi yanga n'kuwaveka, ndinatulutsa chinangwa chophika ndi mtedza zomwe ndinatenga kunyumba n'kuziika pakati.

"Zanga ndi izi, idyani. Bulangete ndi ilo. Koma ili lili ndi mwini wake, ndipo walidikira zaka zambiri kuposa mmene inu mwadikira makaniko. Amene akulifuna ayambe wandigwetsa ine."

Ndinakhala pansi ndikunjenjemera, theka kuzizira theka mkwiyo, botolo lili m'chitenje chokha.

Foni inalira nthawi yomweyo. Felisita sanapereke n'komwe moni. "Asuweni, muli pati? Kuyambira masana akungogona. Akadzidzimuka akufunsa ngati mwafika. Mawu akutha."

Ndinamuuza kuti ndikubwera. Nditadula ndinayang'ana msewu, nkhungu yokhayokha, ndipo ndinayamba kumanga chitenje mwamphamvu. Ndinali nditaganiza zoyenda wapansi mpaka pomwe ndikapeze chokwera. A Bonifasi, amene anamva zonse, anavula chipewa chawo chaubweya n'kuchiveka botolo kumutu, kenako anakaima pakati pa msewu. Magalimoto awiri anawalambalala. Lachitatu linali lole ya matabwa, ndipo dalaivala wake ankadziwana nawo. Kutsogolo kunali kodzaza, ndiye anandikankhira pamwamba pa matabwa, ine mayi wa zaka zanga, nsapato imodzi n'kutsalira m'manja mwawo mpaka anachita kundiponyera.

"Mukatsegula mukandinunkhizireko!" anakuwa lole ikunyamuka.

Za njira yotsalayo ndilibe zambiri zonena. Dzanja limodzi linagwira chingwe, lina botolo, ndipo nkhope sindinkaimvanso. Felisita anandichingamira pamsewu madzulo, magetsi akuyamba kuyaka, n'kundilowetsa m'nyumba osandifunsa za ulendo.

Atsibweni ndinawapeza atatsamira mapilo. Munthu amene ankanyamula thumba la chimanga ndi dzanja limodzi anali atatsala mafupa, ndipo chakudya chinkalowa kudzera m'kapaipi ka pamimba. Ndinagwada pambali pa bedi. Sanandipatse moni.

"Lagona?"

"Silinagone, atsibweni. Amene sanagone ndine."

Anaseka mopanda mawu. Anauza Felisita kuti atenge kagalasi kawo m'sutikesi, kamimba yaikulu koma kukamwa kopapatiza, ndi kapu ya madzi ndi supuni yaing'ono. Kachitsulo ka kukamwa anang'amba okha ndi chikhadabo, pang'onopang'ono, osalola kuthandizidwa. Chitsekerero chinawakanika, ndiye ndinaika dzanja langa pamwamba pa lawo n'kukokera limodzi. Chinatuluka chathunthu, chosadyeka. Anachiyang'ana, n'kundiyang'ana ine, n'kugwedeza mutu. Pamenepo ndinamva kuti ulendo wanga sunapite pachabe.

Anathira pang'ono, mulingo wa zala ziwiri. Mtundu wake unali ngati tiyi wopanda mkaka ukamuyang'anira padzuwa. Anazunguza galasi, analifikitsa pamphuno, n'kutseka maso. Anakhala choncho nthawi yaitali. Kenako analitsitsa.

"Palibe," anatero.

Felisita anandinong'oneza kuti mankhwala a kuchipatala anawapha mphuno kalekale, ndipo kumeza sangathe ngakhale madzi. Mtima unandiwawa moti ndinafuna kukalipa, koma sindinadziwe woti ndimukalipire. Masiku awiri pamsewu, manyazi a pa Jenda, mphepo ya ku Chikangawa, zonsezo kuti munthu anunkhize n'kupeza palibe.

"Fodya wako ndi amene ali pamphuno," ananong'ona atsibweni. "Ine wanga ndinamusunga pachala." Anapuma kaye. "Ndimadziwa, Ene. Ndimangoyesa. Tandiuza, wabwera ndi mowawu ndani?"

"Ndine."

"Kwathu wobwera ndi mowa amatani?"

Ndinawayang'ana. Kwathu munthu ukabweretsa mowa pagulu, usanapereke kwa wina aliyense umayamba wamwako wekha, kuti onse aone kuti mulibe choipa. Timati kuchotsa ufiti. Ngakhale ine wosamwa mwambo umenewu ndimaudziwa. Apo m'pamene ndinazindikira chifukwa chomwe ananenera kuti ndibwere nalo ndekha.

"Atsibweni, ine ndi wa mpingo."

"Sindinati uledzere. Ndati undibwereke mphuno."

Ndinalandira galasi. Ndikanakana, ndikanakhala kuti ndabereka botolo lija kudzawaonetsa chabe. Ndinalowetsa mphuno yonse n'kukoka mpweya ngati ndikununkhiza ndiwo ngati zavunda. Moto unakwera mpaka m'maso, ndinayetsemula, misozi ili chuchuchu. Atsibweni anaseka mpaka Felisita anachita kuwagwira msana.

"Usamuthamangire. Kalongonda saphikidwa ndi liwiro. Tsitsa galasi lifike pachibwano. Tsegula kamwa pang'ono. Muleke abwere yekha."

Ndinachita momwemo. Anandifunsa chomwe ndikumva, ndipo pofuna kuwasangalatsa ndinati, "Vanila. Tofi. Ndi sheri uja."

Anamenya bulangete ndi chikhatho. "Amenewo ndi mawu a mzungu, unawamva kwa ine. Inenso sindinawanunkhizepo m'botolo limeneli. Ukumva chiyani iweyo?"

Ndinachita manyazi. Ndinatseka maso n'kudikira. Poyamba kunali kuluma kokha. Kenako kuluma kuja kunapatuka, ndipo kumbuyo kwake kunali chinthu chomwe ndimachidziwa.

"Nthochi," ndinatero. "Zovundika mumtsuko, tsiku lomwe wavundukula."

"Nthochi zanji?"

"Kabuthu. Zitayamba madontho akuda."

"Pitiriza."

"Uchi. Osati wa m'sitolo. Uja wa m'ming'oma ya m'phiri, wakuda, wokhala ndi phula lake. Ndipo pali makoko a nachesi, mmene zimanunkhira zala ukamaliza kusenda."

Anatenga supuni n'kudonthezera madzi pang'ono m'galasi. Anati madzi amamumasula lilime. Ndinaona timizere tikuyenda m'katimo ngati mafuta, ndipo nditanunkhizanso, moto unali utachepa, fungo litasintha ngati ndalowa chipinda china.

"Utsi," ndinatero. "Koma si wa moto woyaka. Ndi khitchini ya amayi, yaudzu ija, ukalowamo m'mawa mvula itagwa, moto utazima."

Amayi anga anali mlongo mmodzi yekhayo wa atsibweni, ndipo khitchini imeneyo anaifolera ndi iwo.

"Tsopano imwa. Pang'ono, kongonyowetsa lilime. Usameze msanga, umuyendetse m'kamwa monse."

Ndinapempha chikhululuko mumtima n'kumwa. Kunena zoona poyamba ndinangomva kuotcha, ngati ndaluma tsabola wa kambuzi. Ndinapirira. Kuotchako kutatsika kunabwera kutsekemera kolemera, kokakamira, ngati madzi aja amatuluka pa mbatata yootcha n'kupserera pakhungu. M'mbali mwa lilime munali mtedza wokazinga womwe wapitirira pang'ono. Kumapeto kwake kunali kuwawira kwa tiyi amene wakhalitsa m'ketulo, ndi kamchere patali. Zonsezi ndinkawauza chimodzichimodzi, iwo akugwedeza mutu ngati mphunzitsi amene akumva mwana akuwerenga koyamba. Nditameza, kutentha kunatsika pachifuwa mpaka kunakafika pomwe mphepo ya ku Chikangawa inabisala.

Ndiye potulutsa mpweya m'mphuno ndinamva chinthu china, ndipo ndinatsegula maso.

"Atsibweni, muli mkungudza."

"Mkungudza?"

"Kabati yanu ija. Ndikabwera kudzasesa ndimayamba ndatsegula mawindo, kenako kabati. Fungo lomwe limatuluka mmenemo, la thabwa louma lija, ndi limeneli. Ndi nyumba yanu ndikangotsegula chitseko m'mawa."

Mwina ndi mgolo wa kwawoko unkanunkhira choncho, mwina ndi mphuno yanga yomwe inazolowera, sindikudziwa. Ndinanena chomwe ndinamva. Atsibweni anatambasula dzanja n'kundigwira pamkono. Anandifunsa ngati chitseko chimalirabe potsegula, ndinati chimalira. Anafunsa ngati pakhonde pamaoneka phiri lonse, ndinati lonse, mpaka pampata wa ku Fort Lister kukakhala kopanda mitambo. Misozi inatsikira m'makutu mwawo, koma nkhope inali ya munthu wokhuta.

"Ndiye kuti ndalowamo," anatero. "Talitsegulira m'nyumba."

Felisita anatuluka panja. Ine ndinatsala nditagwira galasi lija.

"Wisiki wabwino amadziwika akapita," ananong'onanso atsibweni. "Wachabechabe ukameza watha. Wabwino amatsalira. Kukoma kwatha?"

Ndinamvetsera m'kamwa. Utsi uja unalipo, ndi kauchi pansi pake. "Sikunathe."

"Kukatha undiuze."

Anagona atandigwira pamkono. Patapita kanthawi anadzidzimuka n'kufunsa, "Kwatha?" Ndinati sikunathe, ndipo zinali zoona, ngakhale kunali kutatsala kutali ngati nyimbo ya kumudzi wina. M'mawa mwake, nditamwa kale phala ndi tiyi, anatsegula maso n'kufunsanso ndi milomo yokha, mawu osatuluka. Ndinayankha chimodzimodzi. Wina anganene kuti pamenepo ndiye ndinanama. Ine ndikukana.

Anamwalira Loweruka kum'mawa. Tinabwerera nawo ku Phalombe pa njira yomwe ija, Jenda, Kasungu, Liwonde, Jali, ine kutsogolo ndi botolo pamiyendo, litavala chipewa cha a Bonifasi. Asanapite kumanda anagona tsiku limodzi m'nyumba yawo, pabalaza, kabati ili chotsegula.

Amayi a kumpingo ndinawauza ndekha zonse asanamve kwa ena. Ena anandimvetsa, ena mpaka lero amandiyang'ana chammbali ndikamayambitsa nyimbo, ndipo zimenezo sizindisowetsa tulo. Botolo lili m'kabati momwe linali, chiimire, lopungukako zala ziwiri. Sindinalawenso ndipo sindidzalawanso. Koma Lachisanu lililonse ndimapita kukasesa, ndimatsegula mawindo, kenako kabati, n'kuima pamenepo kamwa litatseguka pang'ono monga anandiphunzitsira.

Anati kukatha ndiwauze. Sindinawauzebe.